Chidindo cha Baba Lasisi

Pa mdadada wathu ku Ikeja, mumzinda wa Lagos, aliyense amene anagulitsapo purosesa kwa munthu wakutali anadutsapo pa tebulo la Baba Lasisi Ogunbanwo. Tebulolo linali pansi pa masitepe, pakati pa mayi wogulitsa zingwe za foni ndi jenereta ya anthu a m'mwamba, ndipo linakhala pamenepo zaka makumi awiri ndi zinayi. Baba Lasisi sankagulitsa kanthu, sankakonzanso kanthu. Ntchito yawo inali kumanga katundu basi.

Anaiphunzira ku kampani ina yotumiza katundu ku Apapa, kumene anagwira zaka khumi ndi chimodzi akukulunga magalasi ndi mbale zadothi. Kampaniyo itatsekedwa inawapatsa kalata yokongola yowathokoza chifukwa cha utumiki wa zaka zisanu ndi ziwiri. Zinayi zinazo akuti sizinapezeke m'faelo. Baba anaipinda kalatayo kanayi n'kuiika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera, ndipo inagwira ntchito imeneyo mokhulupirika mpaka tsiku lomaliza.

Purosesa ndi kanthu kochepa ngati bisiketi, koma kompyuta yopanda iyo ndi bokosi la malata chabe. Zambiri zomwe zinkadutsa pa tebulo la Baba zinali ndi timano tagolide mazanamazana kunsi kwake, tating'ono ngati ubweya wa pamkono. Kamodzi kokha kakapindika, nkhani yavuta. Ndiye pali mdani wina wosaoneka, timagetsi tija timathetheka munthu ukamavula malaya a nayiloni. Kwa munthu n'zoseketsa, koma kwa purosesa ndi mphezi. Ndipo yophedwa ndi mphezi imeneyi ilibe bala. Imaoneka yathanzi, imakwera basi, imafika, wogula n'kuikamo, kompyuta n'kungoti zii.

N'chifukwa chake Baba asanagwire purosesa ankayamba agwira chitsulo cha masitepe ndi manja onse awiri, ngati akupereka moni kwa apongozi. Ankavala za thonje zokhazokha. Wogulitsa ankaiyesa pamaso pawo kuti ili moyo, kenaka ankachotsa manja ake osaibwereranso. Baba ankainyamula chogwira m'mbali ndi zala ziwiri, n'kuigoneka m'kambale kake ka pulasitiki yolimba kuti timano tisakhudze kanthu. Kambaleko kankalowa m'kathumba kasiliva koletsa magetsi aja, kathumba m'siponji, siponji m'kabokosi, kabokosi pakati pa katoni yaikulu, mapepala ofinyafinya mbali zonse. Akatseka ankaigwedeza katoniyo pafupi ndi khutu. Ikangoti khwee ngakhale pang'ono, ankamasula zonse n'kuyambiranso, wogulitsa akuyang'ana wotchi, basi ya ku Kano ikuliza belu.

Pomaliza ankamanga chingwe chofiira, n'kudonthezera phula pamfundo, n'kudinda ndi chidindo chawo chamkuwa. Anachisulitsa ku Bida, ndipo panali dzina lawo lonse mozungulira. Chidindocho chinkanena chinthu chimodzi chokha: dzanja lomaliza kukhudza zili mkatimu ndi langa. Ku Kano, ku Aba, ku Jos, wolandira akaona phula lofiira losasweka sankatsegula katoni pamaso pa dalaivala monga amachitira ndi katundu wina aliyense wochokera ku Lagos. Ankangosaina n'kumapita. Baba analibe nyumba yawoyawo, analibe galimoto, ndipo ana awo awiri anasankha ntchito zina. Chimene anali nacho chinali chimenecho.

Analinso ndi bwenzi. Oga Nwankpa, ndiko kuti Bwana Nwankpa, anafika pa mdadadawu kuchokera ku Aba zaka makumi awiri zapitazo atanyamula chitini cha mkaka waufa, momwe munali mapurosesa makumi atatu ongoponyedwamo ngati mtedza. Baba atatsegula chitinicho anafunsa ngati mwini katunduyo analeredwa ndi anthu. Anatha masiku atatu akuwongola timano ndi lezala ndi singano ya jakisoni, galasi lokuza zinthu lili padiso. Makumi awiri ndi asanu ndi limodzi anadzuka. Pa amenewo ndi pomwe Nwankpa anamangira shopu yake yoyamba, kenaka yachiwiri, kenaka mimba.

Masana aliwonse ankadyera limodzi pa tebulo lija, amala, nsima ya ufa wa zilazi, ndi ndiwo zamasamba za ewedu. Nwankpa ankati Ayoruba, mtundu wa Baba, amaphika tsabola n'kuthiramo chakudya pang'ono. Baba ankayankha kuti Muigbo ngati Nwankpa akadzafika kumwamba adzayamba wafunsa ngati shopu ya pachipata ili ndi mwini. Pa Sallah, chikondwerero cha Asilamu, mwendo wa nkhosa unkapita kwa Nwankpa, pa Khirisimasi mpunga ndi nkhuku zinkabwera kwa Baba. Pa ukwati uliwonse ndi pa chikondwerero chilichonse, Nwankpa akapatsidwa chimkuzamawu, nkhani ya chitini inkatuluka, ndipo ankaimaliza poloza Baba n'kunena kuti bambo ake omubereka anam'patsa moyo, koma awa anam'patsa timano.

Zinthu zinayamba kusintha chaka chatha. Anthu ena pa mdadada wathu ankatumiza mapurosesa akufa, ena ankafufuta manambala a akale n'kulembapo atsopano, ndipo wina waluso anatumiza ku Kano katoni ya matailosi odulidwa bwinobwino. Dzina la mdadada linayamba kununkha. Bungwe lathu la amalonda linachita zomwe bungwe limachita likamva fungo: linapanga komiti. Inatchedwa Komiti Yoona za Ubwino ndi Kamangidwe ka Katundu, ndipo wapampando wake anali Oga Nwankpa.

Komiti yopanda malamulo ndi anthu ongomwa tiyi, choncho Nwankpa anatsika masitepe kudzabwereka kope la Baba. Linali kope lakale la ana asukulu momwe Baba analembamo njira yawo yonse, mfundo khumi ndi imodzi. Baba anapereka mosangalala, akuti anaona kuti ntchito yawo yapeza mlowam'malo. Patapita milungu iwiri malamulo anamatidwa pakhoma, mfundo khumi ndi ziwiri. Khumi ndi imodzi zinali za Baba, mawu ake omwe. Yowonjezera inali yachisanu ndi chinayi: katundu asanatsekedwe, woyendera wa komiti atsegule, aone ndi maso, agwire ndi manja, atsimikize.

Woyendera anali a Taju, amene kale ankaimika magalimoto pachipata. Anasankhidwa chifukwa sanabepo kanthu chibadwire, khalidwe losowa kwambiri moti palibe anaganiza zofunsanso ngati akudziwa purosesa. Komiti inawasokera yunifomu ya nayiloni yabuluu yonyezimira, tinthambo tachikasu pamapewa. Inali nyengo ya hamatani, mphepo youma ija yong'amba milomo, ndipo a Taju akamadutsa m'khonde ankamveka kuthetheka ngati chimanga pamoto.

Baba anawerenga malamulowo kawiri n'kunena kuti iwo sadinda phula lawo pa katundu amene wagwiridwa ndi dzanja lina. Sanakweze mawu. Koma pofika masana mdadada wonse unali utamva, ndipo amalonda anayamba kunena kuti ngati Baba Lasisi wakana, ifenso takana. Masana amenewo Nwankpa anatsika atanyamula yekha mbale ziwiri, nyama yowonjezera pamwamba.

Analankhula nthawi yaitali. Anati komiti ikadali khanda, ndipo khanda silimenyedwa likamakwawa. Anati lamulo lachisanu ndi chinayi iyenso sakulikonda, analiika chifukwa cha anthu a matailosi aja, ndipo mwezi ukatha adzalichotsa yekha mwakachetechete. Anangopempha tsiku limodzi, tsiku lokhazikitsa malamulo, katoni imodzi, ndipo katunduyo akhala wa m'shopu yake yomwe: mapurosesa khumi ndi awiri opita kwa Madam Nanret, mwini sukulu ya kompyuta ku Jos.

"Nanga akafa?" anafunsa Baba.

"Baba wanga, katundu ndi wanga, komiti ndi yanga, ine ndiima pambali panu pomwepo. Chikachitika chilichonse, pakamwa pali pano."

"Pakamwa pako ndimapadziwa. Pakudya nyama yanga pompano."

Anaseka onse awiri, ndipo Baba anavomera.

Tsikulo linafika, ndipo kunali mipando yobwereka, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi wojambula zithunzi. Pa tebulo la Baba anayalapo nsalu ya pulasitiki yamaluwa kuti pakongole. Baba anali atagoneka kale mapurosesa onse m'timbale tawo ndi m'timatumba tawo. A Taju anapita patsogolo, anapereka sawasha, n'kuyamba kuyendera. Anatsegula kathumba koyamba, kachiwiri, mpaka onse khumi ndi awiri, n'kuwakhuthulira pa nsalu ija kuti awerengeke bwino. Wojambula anadandaula kuti imodzi sikuwala. A Taju anaipukuta pa mkono wa yunifomu, kutsogolo ndi kumbuyo, mwachikondi. Popeza anali munthu wachilungamo, anapukutanso zinazo.

Ife amene tinali pafupi tinaona nkhope ya Baba. Anatembenukira kwa Nwankpa, amene anaima pambali pawo monga analonjezera. Nwankpa anawerama n'kuwanong'oneza, akumwetulira wojambula, kuti atseke, anthu akuona. Baba anagwira chitsulo cha masitepe ndi manja awiri, ngakhale panalibenso chopulumutsa. Anabwezera chilichonse m'malo mwake, anagwedeza katoni pakhutu, inali chete. Anamanga chingwe, anadonthezera phula. Dzanja lawo linaima m'malere kanthawi, kenaka linadinda. Anthu anaomba m'manja.

Patapita masiku anayi uthenga unabwera kuchokera ku Jos. Asanu ndi awiri anali akufa. Madam Nanret sanatukwane, ndipo zikanakhala bwino akanatukwana. Anangojambula phula lofiira lija n'kutumiza chithunzicho pa gulu la pafoni la amalonda a kumpoto, ndi mawu akuti kwa zaka khumi sanatsegulepo katoni ya chidindo ichi pamaso pa dalaivala, ndipo ana makumi anayi akhala masiku awiri athunthu akuyang'ana makompyuta ozima chifukwa cha kudalira kwake. Nwankpa anam'tumizira ena asanu ndi awiri tsiku lomwelo, motero dzina la shopu yake linatuluka litasamba. Chithunzi cha phula chinapitiriza ulendo wake chokha, ku Kano, ku Kaduna, mpaka ku Maiduguri.

Komiti inakhala pansi kuti ifufuze. Dongosolo lake linali losavuta kutsata: mwini katundu anali wapampando, amene anagwira katundu anali mboni, ndipo amene anakana kuti katundu agwiridwe anali woimbidwa mlandu. A Taju anapereka umboni kuti anayendera molingana ndi lamulo lachisanu ndi chinayi, ndipo zimenezo zinali zoona. Palibe anawafunsa za mkono wa yunifomu. Iwo anayesa kuyamba okha, koma mlembi wa komiti anati mboni imayankha mafunso, siifotokoza mbiri.

Baba atapatsidwa mpata sanadziteteze. Anangoti pali munthu m'chipindamo amene anaima pambali pawo ndipo anaona zonse, anene yekha.

Nwankpa anakonza mapepala ake, anavula magalasi, anawavalanso. Anati ndi zoona kuti tsiku lija analipo, koma analipo ngati mnzawo wa Baba komanso ngati mwini katundu. Lero wakhala ngati wapampando, ndipo wapampando sangakhale mboni pa mlandu umene akuweruza. Zimene anaona mnzawo wa Baba, wapampando sakuzidziwa mwalamulo.

"Ndiye tuluka pampandopo kwa mphindi imodzi, Nwankpa. Mpando sufa."

"Baba, muno mundilankhule kudzera kwa mlembi."

Baba anayang'ana mlembi, munthu amene anam'mangira katundu kambirimbiri, ndipo mlembi anayang'ana cholembera chake.

Chigamulo sichinachedwe, chifukwa chinali pakhoma kale. Mlembi anawerenga mfundo yakhumi ndi chiwiri: mwini chidindo ndiye mwini mlandu wa zonse zili mkati, asaloze munthu wina. Baba anapeza kuti milomo yawo ikutsatira mawuwo. Anawalemba okha m'kope lija zaka makumi awiri zapitazo, n'kuwadula mzere kunsi kawiri. Panthawiyo mfundoyo inali yachilungamo, popeza panalibe ya woyendera ija.

Komiti inaonetsa chifundo. Poganizira msinkhu wawo ndi utumiki wawo wautali, sinawathamangitse. Inangolamula kuti asadindenso chidindo chawo kufikira atachita maphunziro a masiku awiri a kamangidwe ka katundu n'kulandira satifiketi. Mphunzitsi anali a Taju.

Ambiri tinkati sapita. Anapita, atavala malaya awo oyera a Lachisanu, n'kukhala mpando wakutsogolo. Aliyense anapatsidwa kabuku kosindikizidwa bwino. Pachikuto panali chithunzi cha Nwankpa atanyamula katoni, ndi dzina lake kunsi monga mlembi wa bukulo. Baba anatsegula tsamba lothokoza. Panali abusa, panali akazi a wapampando, panali wosindikiza. Anatseka kabukuko n'kukaika pamwendo.

A Taju anawerenga mfundo yoyamba, yogwira chitsulo, thukuta likutsika ngakhale kunali hamatani. Atafika pa yachitatu, yoletsa zovala za nayiloni, anaima, anadziyang'ana pamkono, ndipo sanathe kupitiriza. Anati anthu akapume. M'khonde anawapeza Baba, anagwada bondo limodzi monga mwana amachitira kwa mkulu, n'kunena kuti iwo sankadziwa, palibe anawauza, akanadziwa akanavula n'kuyendera ali chifuwa pamtunda. Baba anawadzutsa n'kuwauza kuti munthu wosadziwa alibe mlandu nawo. Mlandu uli ndi amene anawongoleredwa timano ta mapurosesa makumi awiri ndi asanu ndi limodzi akuonerera, ameneyo amadziwa.

Baba sanabwererenso m'kalasimo. Anatsika kupita pa tebulo lawo, anabwereka tupa kwa wokonza majenereta, n'kuyamba kupala nkhope ya chidindo. Mkuwa wa ku Bida ndi wolimba, ndipo anapala masana onse. Nthawi ya chakudya inakwana, inadutsa, palibe mbale inatsika masitepe. Mayi wa zingwe za foni anawafunsa ngati sangadikire kuti mtima uzizire, popeza satifiketi ndi pepala chabe, mawa alandira, mkuja adindanso. Baba anati akhoza kudinda, inde, koma chidindocho chanena kale bodza kamodzi ndi dzanja lawo lomwe, ndipo ku Jos achimva.

Dzina litafufutika lonse, anachipukuta, anagwira chitsulo cha masitepe, n'kuyamba kuchimanga. Kambale, kathumba kasiliva, siponji, kabokosi, katoni, mapepala mbali zonse. Asanatseke anaitanitsa a Taju kuti adzayendere. A Taju anakana, akuti Baba musandichititse manyazi. Baba anati lamulo ndi lamulo, sakufuna mlandu wachiwiri. A Taju anavula jekete la yunifomu n'kulipachika pa jenereta, anagwira chitsulo ndi manja awiri, anatsegula, anaona, anagwira, anatsimikiza. Maso awo anali ofiira.

Baba anatseka, anagwedeza pakhutu, anamanga chingwe chofiira n'kudonthezera phula. Analisiya liume lokha, losalala, lopanda chilembo. Pakatoni analembapo dzina la wapampando ndi udindo wake wonse, osasiyako liwu limodzi, ndipo a Taju anainyamula ulendo wa masitepe makumi atatu.

Mlembi, amene anali mu ofesimo, akuti Nwankpa anailandira n'kuigwedeza pafupi ndi khutu asanazindikire chimene akuchita. Inali chete. Anayang'ana phula lija nthawi yaitali, kenaka anadula chingwe n'kutsegula chimodzichimodzi, katoni, kabokosi, siponji, kathumba. Atafika pakati anauza mlembi kuti atuluke. Nwankpa anatsika patapita ola limodzi, koma anapeza pansi pa masitepe palibe munthu, palibe tebulo, pangotsala kalata yopindidwa kanayi pasimenti.

Baba Lasisi ali ku Ikorodu tsopano, kumene akazi awo amaweta nkhuku. Baba ndi amene amaika mazira m'mathireyi opita kumsika, ndipo ndamva kuti madalaivala amadandaula kuti amachedwetsa galimoto. Pa Khirisimasi Nwankpa anatumiza mpunga ndi nkhuku monga mwa chaka chilichonse. Zinabwerera mawa lake zitamangidwa bwino kwambiri.

Lamulo lachisanu ndi chinayi linasinthidwa patatha miyezi iwiri. Tsopano likuti woyendera aone ndi maso okha, ndipo avale za thonje. Maganizo amenewa anabweretsa ndi wapampando, ndipo komiti inamuyamika chifukwa choona patali. Ku Jos ndi ku Kano, katoni iliyonse yochokera pa mdadada wathu imatsegulidwa pamaso pa dalaivala, ngakhale ili ndi zidindo zitatu za komiti. Pa ukwati wa mwana wa mlembi mwezi watha, Nwankpa anapatsidwa chimkuzamawu n'kulankhula za kufunika kwa malamulo. Chitini sanachitchule.

Chidindo chija chili pa desiki yake. Mu ofesimo muli fani yamphamvu, ndipo amatsindirira nacho mapepala a komiti kuti asauluke.